Mapu a Malo Opanda Mvula

Usiku ndimawerenga maenje a kumwezi.
Musaseke, ndi ntchito:
amandilipira pamwezi kuti ndiyeze mwezi.

Chipinda chathu chili pamwamba, kuyunivesite,
zenera lake limayang'ana msewu wa ku Chipata
kumene malole amabuula mpaka mbandakucha.
Zithunzi zimafika zotuwa ngati phulusa la mbaula.
Dzenje lililonse ndimalizinga ndi mzere wofiira,
ndilembe kukula kwake, kuya kwake,
ndi mbali imene mthunzi wagonera.
Mthunzi ndiye mboni yanga.
Ukatalika, pali phompho.
Ukafupika, mwina chombo chingaponde apo
osagwa chagada.

Lero ndafika pa dzenje la nambala 4,117.

A Simfukwe, alonda, amasuzumira ndi tiyi m'manja:
"Zelipa, mwandipezerako puloti?
Yapakona, pafupi ndi msewu."
Ndimati ilipo, koma kulibe mpweya.
Amati ku Chibolya nakonso kulibe, koma lendi timalipira.

Kum'mwera kwa mwezi kuli maenje
amene dzuwa silinalowemo chilengedwere.
Akuti pansi pake pagona madzi ouma gwa,
ndipo ndi amene akusakidwa.
Madzi!
Ine wa ku Kanyama,
kumene Januwale amalowa m'nyumba osaodira
n'kuyandamitsa nsapato ndi makope,
kumene Okutobala amatindandalika pampopi ndi zigubu,
ndine ndikulozera anthu njira ya kumadzi.

Atate ankanyamula ndodo ya oyeza malo,
ija ya mizere yofiira ndi yoyera.
Zaka makumi awiri ali chilili padzuwa,
ku Kabulonga, ku Roma, ku Chalala kusanamangidwe,
wina atatsinzina diso limodzi pagalasi
akukuwa: kumanzere! bwerera! ima pomwepo!
Mipanda yonseyo inamera pamene anaponda.
Dzina lawo silili papepala lililonse.

Usiku umene chifuwa chinawatseka
ndinaimbira ambulansi.
Muli pati?
Ndinati mukadutsa chigayo mukhotere kumanja,
pali dzenje lokumbamo miyala, ladzaza madzi,
mulilambalale,
mukaona mpapaya mwafika.
Nambala ya nyumba?
Inafufutika ndi mvula.
Dzina la msewu?
Ndinakhala chete.
Anazungulira, nyali yawo tikuionera patali
ikuwalira pamalata a eni.
Mpapaya uja anali ataudula Lachiwiri.
Tinawatengera pawilibala.

Tsopano ndikudziwa mwala wina kumwezi,
waukulu ngati minibasi ya ku Matero,
ndipo ndingakuuzeni pamene wakhala
osaphonya ndi mkono umodzi.
Ndaulembera chenjezo.
Amene adzatere pambali pake
mwina lero ali sitandade fili, akutafuna pensulo.
Sadzandidziwa.
Adzangoona kuti pansi ndi posalala monga analonjezedwa,
adzatsika makwerero,
fumbi lidzalandira phazi lake.
Sindikumuchitira nsanje.
Nanenso ndagwira ndodo yamizere,
ndaima pamene ndauzidwa.

Cha m'ma thuu koloko magetsi athima.
Makompyuta atsinzina onse pamodzi,
jenereta ikutsokomola, ikukana.
Ndatuluka pakhonde.
Uli apo, pamwamba pa Kalingalinga,
wathunthu, wopanda mizere yanga yofiira,
ngati sunayezedwepo ndi munthu.
Ndaufunafuna mwala wanga ndi maso.
Ha! Ngakhale dera lake silioneka.

Kukacha nditsikira pa siteji ya masiku onse,
koma lero ndatenga kope lotsala ndi pensulo.
Kuchoka pachigayo kufika padzenje:
mapazi zana limodzi ndi makumi anayi.
Dzenjelo ndilizinga ndi mzere,
ndiyeza kuya kwake ndi bango.
Ana anditsatira, akufunsa ngati ndine wa kukhonsolo.
Mayi wogulitsa makala akuti, lembaninso ngalande iyi,
inameza mwana wa a Nyendwa chaka chatha.
Ndilemba.
Pachitsa cha mpapaya ndiima nthawi yaitali.
Kenaka ndiika kadontho,
ndi kulemba dzina la atate:
Msewu wa Lingilirani.